Sista Tecla Atula Pansi Uhedi

Lolemba, 18 Julayi 2022

Kalata yafika. Amayi Akulu a chipani chathu cha masista akuti pofika pa 2 Ogasiti ndikhale ndili ku Imbeza. Sista amene amayang'anira kasukulu ka ana a m'mapulazi a mitengo kumeneko anaterereka m'bafa, chiuno chinathyoka, ndiye pakufunika munthu. Munthuyo ndine. Zaka 24 ndili hedi pa sukulu ino ya ku Dangamvura, andichotsa ndi mizere isanu ndi umodzi, ndipo mzere womaliza ndi "Ambuye akudalitseni."

Ndawerenga katatu. Kachitatu ndinasintha magalasi, mwina mawu angasinthe.

Wolowa m'malo mwanga ndi Edmund Makaiko, wachiwiri wanga. Si sista, si wansembe, ndi Edmund basi. Yemwe uja ndinamuphunzitsa Giredi 3 ku Sakubva, amene analira tsiku lonse chifukwa chofufutira chake chinagwera m'chimbudzi. Lero ali ndi zaka 44, dazi, ana atatu ndi madigiri awiri, koma ine ndikamuyang'ana ndimangoona mamina a tsiku limene lija.

Ndikulemba m'Chinyanja cha amayi anga chifukwa m'nyumba ya masista muno palibe wina amachiwerenga. Sr Joyleen amawerenga chilichonse chosiyidwa pa tebulo, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala.

Pa mapemphero a madzulo ndinati, "Kufuna kwanu kuchitidwe." Ndinanena mothamanga kuti asamve bwino.

Lachiwiri, 19 Julayi

Madzi sanabwerenso. Tsiku lachinayi. Kusamba kwa mu kapu.

Ndawaimbira Amayi Akulu. (Kuyambira lero A.A., inki ingathe.) A.A. ndi mwana wa dzana, ine ndi amene ndinawaphunzitsa kusita velo osaliwotcha. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti a Giredi 7 atsala pang'ono kulemba mayeso, denga la holo lafika pakati, komanso Edmund ndi wofatsa mopyola, ana adzamukwera pamutu. Anandimvera mpaka ndinatsiriza. Kenaka anandifunsa kuti pa malumbiro atatu amene ndinachita pa guwa, lachitatu linali lotani. Ndinati kumvera.

"Chabwino. Ndimayesa mwina munalumbira kukambirana."

Nkhani inathera pomwepo.

Nthawi ya tiyi ndinamuitana Edmund mu ofesi ndi kutseka chitseko. Chitseko chikatsekedwa timalankhula Chinyanja, chikatseguka timabwerera ku Chishona ndi Chizungu. Zakhala choncho zaka zonsezi, ndipo palibe anakonza lamuloli. Ndinayamba pang'onopang'ono, kuopa kuti angakomoke. Kenaka ndinaona kuti munthuyo sakudabwa. A.A. anamufunsa kale mu Meyi ngati angadzavomere tsiku likadzafika! Miyezi iwiri wakhala akundinyamulira chikwama kuchokera pa geti, nkhani ili m'mimba.

Ndinamufunsa kuti bwanji sanandiuze. Anati ankaopa. Ndinati kuopa chiyani.

"Inuyo, Sista."

Ndinamuuza kuti apisire malaya. Anali opisira kale, koma ndimafuna chonena.

Lachitatu, 20 Julayi

Ndalengeza pa asembule. Ndinakonza mawu ogwira mtima, ndinaima pang'ono kuti alowe. A Giredi 1 anawomba m'manja. Si mlandu wawo, ndinawaphunzitsa ndekha kuti ndikasiya kulankhula aziwomba. Enanso anatsatira, ana mazana asanu ndi anayi kuwombera kuchoka kwanga ngati tawina mpira. Aphunzitsi awiri analira. Mmodzi anaphimba pakamwa ndi rejisitala, sindikudziwa ngati kunali kulira. Dzina lake ndalisunga.

Ndayamba kulemba malangizo a Edmund. Ndafika tsamba 17 ndipo ndikadali pa nkhani ya zimbudzi ndi migolo ya madzi.

Makiyi ndawerenga, alipo 41. Ndamupatsa atatu kuti azolowere: wa chipinda cha mipira, wa chimbudzi cha alendo, ndi wina amene chitseko chake chinachotsedwa mu 2009. Anathokoza ndi manja awiri.

Lachinayi, 21 Julayi

Sr Joyleen wabwera kuchokera ku kalasi yake ya ana ang'onoang'ono foni ili patsogolo ngati kandulo ya Pasaka. Makolo atsegula gulu pa Watsapu, dzina lake "Sista Havaendi", ndiko kuti Sista sapita. Anthu 212 usiku umodzi. Wayambitsa ndi Mai Tanatswa, wapampando wa komiti ya makolo, mayi wachangu amene amagulitsa zovala pa msika ndipo mawu ake amamveka kuchokera pa siteji ya makombi. Amuna awo amayendetsa thanki ya mafuta ku Feruka.

Ndinamuuza Joyleen kuti zimenezi n'zosayenera ndipo sindikufuna kuzimva. Kenaka ndinati angowerenga pang'ono kuti ndidziwe owapempherera. Anawerenga mphindi makumi anayi.

Wina akuti sukuluyi popanda ine ili ngati kombi yopanda mabuleki pa mtsetse wa Christmas Pass. Wina akuti ndinamukwapula mu 2003 ndipo mpaka lero amathokoza, ndi mkono womwewo amasaina makalata ku ntchito. Mayi wina akuti mwana wake akakana kudya amangoti "ndiimbira Sista" ndipo mbale imayera. Ichi sindinadziwe ngati ndi chiyamikiro, koma ndachilandira.

Pa chakudya chamadzulo ndinadzigwira ndikumwetulira kabichi. Joyleen anaona. Amaona zonse mwana ameneyu.

Lachisanu, 22 Julayi

Ndinati Edmund ayesere kutsogolera asembule, ine ndingoima kumbuyo ngati mtengo. Anayamba ndi mawu ake aja ofewa ngati akupepesa pa maliro. Anyamata a Giredi 6 anayamba kukankhana. Ndinatsokomola kamodzi kokha, bwalo lonse zii. Edmund anacheuka. Ndinati ndimuthandize chilengezo chimodzi cha majuzi otayika, ndipo ndinazindikira ndikutseka ndi pemphero. Belu ndinalizanso ndekha. Dzanja linapita lokha.

Masana kunabwera Mai Tanatswa ndi kalata yopita kwa A.A., masamba asanu ndi limodzi a masiginecha. Akufuna msonkhano wa makolo onse Lachitatu. Ndinawauza kuti ine ndine munthu womvera, sindingalowerere. Koma kalatayo inali pa desiki panga, ndipo m'ndime yoyamba munali zolakwika zitatu. Munthu sangatumize kalata kwa Amayi Akulu italembedwa choncho, angati sukulu ino sitiphunzitsa. Ndinatenga cholembera chofiira. Ndinakonzanso ndime yachiwiri, inali yofooka. Pamene analemba kuti ndine "wabwino" ndinawapatsa mawu ena amphamvu.

Anatuluka akuvina. Ine ndinatsala ndikuyang'ana cholembera.

Loweruka, 23 Julayi

Ndayamba kulongedza. Ndalongedza nsapato imodzi.

Lamulungu, 24 Julayi

Ndinapita kukalapa Misa isanayambe. Bambo Darlington, wansembe wa parishi yathu, amandidziwa mawu ngakhale ndinong'one, ndiye kabokosi kaja n'kongotayira nthawi. Ndinati ndachimwa ndi kunyada pang'ono. Anafunsa kuti pang'ono pake ndi masamba angati, poti kalata ija anaiona ndipo inki yofiira akuidziwa. Anafunsanso ngati ndawauza makolo kuti aleke. Ndinati sindinawauze kuti ayambe. Anati si zimene afunsa.

Chilango: makiyi khumi tsiku lililonse kwa Edmund, kuyambira mawa, ndipo akhale a zitseko zimene zilipo. Ndinapempha kuti andipatse makorona atatu m'malo mwake. Anakana. Ndinakweza mpaka asanu. Anati pano si pa msika.

Titatuluka Misa ndinakumana ndi mayi ake a Edmund pa khomo la tchalitchi. Abwera kuchokera ku Sakubva kudzaona zidzukulu. Ndi okalamba tsopano, ndodo ndi duku la Chigwirizano cha amayi, koma mawu akadali a mtsikana wotunga madzi. Anandigwira manja onse awiri, nayamba kundilonjera m'Chinyanja mokweza pakati pa anthu: mwadzuka bwanji, mwana wa a Chikaonda, mwatilerera mwana wathu mpaka wakula. Ine ndinayankha m'Chishona. Sindinaganize, pakamwa panangochita mwa chizolowezi, poti pafupi panali makolo a kusukulu.

Anandiyang'ana m'maso. Kenaka anafunsa motsitsa, "Lilime la amayi ako unalisiya kuti?"

Sindinaname kwa munthu aliyense zaka 24 zonsezi. Sista safunsidwa dzina la bambo ake. Chimanyika, Chishona cha kuno, ndimachilankhula kuposa eni ake, ndipo anthu a kuno anangoganiza okha kuti kwathu ndi ku Nyanga kapena ku Honde. Ine sindinawakonze. Ine amene ndimakonza chilichonse.

Makiyi khumi ndawasankha. Ndawabwezeranso. Ndawasankhanso.

Lolemba, 25 Julayi

Joyleen lero sanabwere ndi foni. Ndinamufunsa kuti owapempherera anga ali bwanji, anati batire yatha. Foniyo inalira m'thumba mwake nthawi yomweyo. Ndinatambasula dzanja ngati ndikulanda mwana legeni.

Nkhani yatembenuka. Sakunenanso za ine, akunena za Edmund. Wina anayamba ndi kufunsa kuti kodi a Makaiko kwawo n'kuti. Wina anayankha kuti alibe kwawo. Kenaka mawu aja onyoza ife obwera, amene ndinakula nawo ku Sakubva, amene ndimayesa anakwiriridwa pamodzi ndi makolo athu: mubwidi, mabhurandaya, anthu opanda mutupo, ndiko kuti opanda mfunda. Ndipo pali mawu ojambulidwa a Baba Tanatswa, amuna a Mai Tanatswa aja, injini ya thanki ikulira kumbuyo, akuti ana awo sangatsogoleredwe ndi mwana wa munthu amene ankatsuka zimbudzi za khonsolo. Pansi pake tizithunzi ta nkhope zoseka, khumi ndi tiwiri. Ndinawerenga.

Amene anawapezera bambo ake a Edmund ntchito ya zimbudzi imeneyo ndi bambo anga. Anafika kuchokera ku Ntcheu ndi bulangete limodzi, anagona pa khonde pathu miyezi itatu, ndipo m'mawa uliwonse ankapita limodzi ndi bambo, burashi paphewa. Bambo anagwira ntchito imeneyo zaka khumi ndi zisanu asanalowe ku njanji. Ndi burashi imeneyo anandiphunzitsa mpaka ku koleji.

Mkazi wa Edmund ali m'gulumo. Anamulowetsa mosadziwa.

Ana ataweruka Edmund anagogoda, natseka chitseko yekha. Anaika envulopu pa desiki. Akupepesa kwa A.A., udindowu sangaulandire, mtendere wa sukulu ndi wofunika kuposa iye. Akuti akhoza kupitiriza kukhala wachiwiri kwa aliyense amene angabwere. Ankalankhula akuyang'ana chithunzi cha Papa pa khoma. Ndinawerenga kalatayo kawiri kufuna cholakwika choti ndiyambire pamenepo. Munalibe ngakhale chimodzi.

Ndinamuuza kuti ndiisunga. Ndinamupatsa makiyi khumi, anakana. Ndinawaponya m'thumba la jekete lake ali chotembenuka.

Moto uwu nkhuni zake ndinasonkha ndine, ndi cholembera chofiira.

Lachiwiri, 26 Julayi

Makiyi ena khumi m'thumba lina. Jekete lake tsopano likulendewera mbali zonse, akayenda m'khonde akumveka ngati ng'ombe ya belu.

Ndayeserera pa galasi la m'bafa: "A Makaiko." "Inu a Makaiko." Zikutuluka ngati ndikuitana munthu kuti adzalandire chikwapu. Joyleen anagogoda kufunsa ngati muli munthu wina.

Mawu a mawa ndalemba, masamba anayi, m'Chishona chabwino, ndi mavesi awiri.

Lachitatu, 27 Julayi

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Holo inadzaza. Mphepo ya Julayi ikulowa pamene palibe denga, anthu atafunda mabulangete ngati ali pa depoti. Kutsogolo zikwangwani: SISTA HAVAENDI. China chinalembedwa SISTA WEDU NDEWEDU, sista wathu ndi wathu, chilembo chimodzi chili chagada, koma ndinadziletsa. Edmund anakhala pa mpando wa pulasitiki kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chitseko. Mayi ake anali kumbuyo kwenikweni, ndodo ili pakati pa miyendo. Sindikudziwa anawauza ndani.

Mai Tanatswa anatsegula ndi nyimbo, kenaka anawerenga kalata ija. Mawu anga omwe, amphamvu aja, ndinawamva akutuluka m'kamwa mwa wina ndipo ndinafuna kulowa pansi pa tebulo. Analankhula anthu anayi, onse kunditama ngati ndafa. Kenaka anaimirira Baba Tanatswa, atavala ovolosi ya ku ntchito. Anati iye sadana ndi munthu, koma chilichonse chili ndi eni ake, ndipo anabwereza za zimbudzi zija, pamaso pa Edmund, pamaso pa mayi ake. Ena anaseka. Ambiri anayang'ana pansi.

Ndinaimirira ndi masamba anga anayi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe ndi vesi. Chimene chinatuluka ndi ichi, m'Chinyanja, ndi mawu anga a pa asembule:

"Ine ndine Tecla, mwana wa Yohane Chikaonda wa ku Ntcheu, amene anatsuka zimbudzi za tauni ino zaka khumi ndi zisanu. Mfunda wanga ndine Nangozo. Amene akufuna munthu wopanda mutupo ayambe ndi ine."

Zii. Ngakhale malata analeka kulira. Kenaka kumbuyo kunamveka nthungululu imodzi, yaitali, ya munthu wopanda mano. Ndipo apa ndi apo m'holo anthu anayankha "Eya!", "Zoona!", kenaka n'kumayang'anana modzidzimuka, aliyense kudabwa kuti mnzake wamva bwanji. Bambo wina amene ndakhala ndikumulembera malisiti zaka zisanu ndi ziwiri ngati munthu wa ku Rusape anali akupukuta misozi ndi chipewa. Sindinali ndekha wobisala m'Dangamvura muno, tinalipo mpingo wathunthu.

Pamenepo ndikanakhala pansi. Munthu woyera mtima akanakhala pansi. Koma ndinamuona Baba Tanatswa ali chiimire, osamva kanthu, akufunsa anzake kuti Sista akuti chiyani. Ndinamuloza, ndikadali m'Chinyanja, ndinati uyu amene akunyoza otsuka zimbudzi, chaka changa choyamba pa sukulu pano anali Giredi 1, ndipo tsiku lina sanafike ku chimbudziko. Amene anamutsuka kuseri kwa ofesi ndi kumubwereka kabudula wa timu ya mpira ndi mwana wa Chikaonda yemweyu.

Ndisanamasulire, munthu mmodzi anaphulika ndi phwete kutsogolo, pa tebulo la komiti. Mai Tanatswa. Anaseka mpaka anagwira tebulo, kenaka anazindikira, natseka pakamwa ndi kalata ija. Amuna awo anawayang'ana. Holo yonse inawayang'ana.

"Iwe wamva bwanji?" anafunsa bamboyo.

Mayiyo anati anangoona nkhope yanga. Palibe anakhulupirira.

Za kabudula sindinamasulire, koma m'holomo omasulira anali ambiri, nkhani inayenda mzere ndi mzere ngati mbale ya chopereka. Zinazo ndinazinena m'Chishona kuti aliyense amve: kuti ndikupita ku Imbeza chifukwa ndinalumbira, kuti kalata yawo ndinaithandiza kulemba chifukwa cha kunyada ndipo ndikupepesa, kuti makalasi anayi atsopano ndi zotsatira za Giredi 7 zimene amandiyamikira zaka zisanu izi ndi ntchito ya munthu wakhala pafupi ndi chitsekoyo, ine ndinkangoliza belu.

Kenaka ndinachoka pa mpando wapakati, ndinaukoka, ndinati, "Ahedi, bwerani mukhale apa." Zinatuluka bwino. Edmund anacheuka kuona ngati kumbuyo kwake kuli munthu. Anabwera makiyi akulira m'matumba. Envulopu yake ndinamubwezera pansi pa tebulo, pamwamba nditalemba ndi inki yofiira kuti YAKANIDWA.

Analankhula ndi mawu ake omwe aja ofewa. Kumbuyo anthu anayamba kunong'ona. Ndinamva chifuwa chikukwera kukhosi, chija chimatontholetsa bwalo. Ndinachigwira. Ndinameza. Maso anatuluka misozi, Joyleen anandipatsa madzi poyesa ndagwidwa ndi chisoni. Ndipo anthu anayamba kuuzana okha kuti chete, timve. Anakamba za denga, za migolo ya madzi, za makalasi a Loweruka a Giredi 7, ndi tsiku la chilichonse. Za bambo ake ananena chiganizo chimodzi: kuti anamuphunzitsa kusiya malo ali oyera kuposa mmene anawapezera.

Si onse anakondwa. Anthu ngati khumi anatuluka, Baba Tanatswa patsogolo, akuti mwana wake amusamutsa. Otsalawo anawomba m'manja, ndipo ulendo uno palibe anawaphunzitsa.

Lachinayi, 28 Julayi

A.A. aimba m'mawa. Akuti amva kuti dzulo ku Dangamvura kunatsika Mzimu Woyera, sista wina analankhula m'malilime. Ndinati ndikupepesa. Anati za malilimezo ayi, koma za kabudula ndikapepese kwa mwini wake.

Ndamuimbira. Anayankha ali pa mzere wa mathanki ku Feruka. Atamva mawu anga anandilonjera kuti "Mangwanani Sista" ndi kamawu ka Giredi 1, ndikukhulupirira anaimirira m'galimotomo. Ndinati ndinalakwa kumuchititsa manyazi pagulu. Anati kabudula uja anali wamkulu kwambiri, anafika naye kunyumba atamugwira ndi manja. Za kusamutsa mwana akuti aganizabe. Za Edmund sanapepese. Ndamusiyira Bambo Darlington, ali ndi zilango zabwino.

Mai Tanatswa anabwera masana, natseka chitseko okha. Chinyanja chawo n'chothyokathyoka ngati bisiketi ya m'thumba la mwana. Agogo awo akuchikazi anali a ku Mulanje, ndi amene anawalera. Anandipempha kuti ndisauze apongozi awo. Ndinati apongoziwo anali pa mzere wachitatu.

Gulu lija alisintha dzina, tsopano ndi "Denga Reholo", ndiko kuti denga la holo. Atsalamo 180.

Malangizo a Edmund anafika masamba 38. Ndawawerenganso, ndamupatsa awiri. Enawo Joyleen akuti ana ake apangira makaiti.

Lachisanu, 29 Julayi

Tsiku lotsiriza. Ana anaimba, a Giredi 4 anachita sewero la ine. Kamtsikana kanavala thawulo kumutu, magalasi pamphuno, manja kumbuyo, n'kutsokomola kamodzi, ana onse a m'seweromo anagwa pansi ngati afa. Aphunzitsi anaseka mopitirira muyeso. Uja wa rejisitala anachita kutuluka panja.

Mphatso: bulangete, majombo a matope a ku Imbeza, ndi tambala wamoyo wochokera kwa mayi ake a Edmund. Anandipatsa okha, nati, "Nangozo, ukadye." Ndinayankha m'Chinyanja, pa maikolofoni.

Makiyi otsala ndinapereka onse, wa ofesi pomalizira. Unakanirira pa mphete, ndinachita kuuchotsa ndi mano. Nditalowa kukatenga ambulera yanga ndinapeza a Makaiko atatembenuza kale desiki kuti iyang'ane ku windo. Zaka 24 desiki imeneyo yayang'ana ku chitseko, ndipo pali zifukwa zake zisanu. Anandifunsa ngati zili bwino. Ndinati kuwala kukulowa bwino. Lilime ndaliluma, likupweteka mpaka tsopano.

Lamulungu, 31 Julayi

Sutikesi yatsekeka. Joyleen anachita kuikhalira. Tambala wagona m'bafa, sakudziwa kuti nayenso wasamutsidwa.

Lolemba, 1 Ogasiti

Galimoto ya ku Imbeza ibwera mawa. Lero ndilibe ntchito, koyamba chichokereni ku koleji. Ndinati ndikhale pa khonde la nyumba yathu ndi korona. Koma kuchokera pa khondepo sukulu imaoneka, ndipo paipi ya m'mbali mwa kalasi ya Giredi 5 inali ikutaya madzi. Madzi abwera lero, patapita masiku onsewa, ndipo akungothira pansi. Ndinapirira Atikuoneni Maria khumi. Wa khumi ndi chimodzi ndinamalizira pa geti.

A Taurai, mlonda wathu wa pa geti zaka khumi ndi zisanu, anandilonjera atavula chipewa, koma geti sanatsegule. Anakanda m'mutu, kenaka anatulutsa buku la alendo ndi cholembera chomangidwa ndi ulusi. Akuti lamulo likuti aliyense amene si mphunzitsi kapena mwana wa sukulu alembe, ngakhale akhale bishopu. Ndinawafunsa kuti lamulo lopusalo anaika ndani. Anayang'ana kumwamba.

Ndinalemba. Dzina: T. Chikaonda. Wofuna kumuona: Ahedi. Chifukwa: paipi.

Ndikulemba izi ndili pa benchi ya panja pa ofesi. Sindinadziwe kuti ndi yolimba chonchi, ndipo ili ndi msomali. Patsogolo panga pali anthu awiri. A Makaiko anasuzumira, atandiona anatuwa, nayamba kundikodola kuti ndilowe. Ndinapukusa mutu, ndinaloza mzere.

Pafupi nane pali mayi wachitsikana ndi mwana wamkazi wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri, atamugwira dzanja zolimba. Afika mwezi watha kuchokera ku Balaka, amuna ake anapitirira ku Joni, iye watsala kuno kwa achemwali ake ndipo akufuna malo a Giredi 1. Chishona sakuchidziwa. Anaona zimene ndikulemba m'kabukuka, maso anawala, nayamba kulankhula Chichewa chenicheni cha kumudzi, chothamanga, mpaka china chikundidutsa. Akuti pa msika anamuuza kuti asamale, ahedi a pa sukulu pano ndi aukali zedi, amatsokomola kamodzi munthu n'kuiwala dzina lake.

"Ndi zoona, Sista? Ine mantha."

Ndinamuuza kuti amenewo anali akale, anachoka. Awa alipowa alowe bwinobwino, alankhule nawo Chichewa chomwechi, ndipo chitseko asatseke.

Paipi yaleka kutaya, wina waitseka ndisananene. Patsogolo panga patsala munthu mmodzi.